Anajeremiya, Namwino Womangidwa Manja

Inu owerenga kalata ya mpingo, musanathamangire tsamba la nyimbo, tandimasulirani kaye ichi. Ndevu ali nazo, koma esiteti yonse imamuitana ngati mayi. Manja ali nawo awiri abwinobwino, koma ntchito amagwirira manja obwereka. Wakalambira pakati pa minda ya tiyi, koma tiyi sanamulawepo. Ndani ameneyo?

Mwalephera eti? Lekani kukanda m'mutu, nsabwe zingagwere papepala. Ameneyo ndi a Elson Jeremiya, namwino wa kachipatala ka pa esiteti yathu, amene tinawaperekeza kumanda mwezi wathawu. Za tiyi n'zosavuta, munthu wa Sabata weniweni tiyi amangomuona ndi maso. Koma za ndevu ndi za manja, khalani pansi mumve.

A Elson anabadwira kutsidya, kwa Apwitikizi. Anafika kuno akuyenda okha koma kabudula asanamudziwe, nthawi ija Alomwe ankabwera ndi mitolo pamutu kudzapempha malo kwa azungu. Makolo awo anamanga chakufupi ndi kwa Changata. Bambo ku thangata, mayi kothyola tiyi, ndipo mwana wamkazi m'nyumbamo munalibe. Ndiye mlezi akanakhala ndani? Anzake akukumba mbewa, Elson ali ndi mng'ono wake kumsana, nsalu atamanga pachifuwa, akuyendayenda m'mbali mwa munda kudikira kuti mayi atule dengu adzayamwitse. Abale ake onse anakulira pamsana umenewo. Anyamata ankamufunsa kuti chinamwali cha atsikana avinidwa liti. Iye ankangoti, "Tachepetsani phokoso, mwana wagona."

Anabatizidwa kumishoni ndevu zikungoyamba kumera, ndipo anakwatira Idah, mtsikana woimba bwino wa kwa Nsabwe. Chaka chachiwiri Idah analowa m'chikuta, nyumba yoberekera imene mwamuna saponda. Mwana anakana kutuluka. A Elson anakhala pansi pa nthochi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, akumva amayi akuluakulu akukalipira mkazi wawo kuti atchule amuna amene anayenda nawo, poti kale ankati mimba ikavuta ndiye kuti mkazi ali ndi chobisa. Idah analibe woti n'kumutchula. Anangoitana dzina la mwamuna wake, ndipo mwamunayo anamva bwinobwino, koma khomo linali lotseka kwa iye. Pomwe amatsegula, mayi ndi mwana anali atapita.

Maliro atatha, a Elson anapita kuchipatala cha mishoni kukapempha ntchito ina iliyonse. Anayamba n'kukolopa ndi kuchapa. Kenako anaphunzira kutsuka zilonda ndi kubaya jakisoni. Anzawo aamuna ankalimbirana kuthandiza dokotala kong'amba anthu, koma iwo anapempha mbali ya amayi ndi ana, kumene kuli matewera ndi masanzi. Anawauza kuti kumeneko n'kwa akazi. Iwo anati, "Ndinakhalapo kunja kamodzi. Zinandikwana."

Nkhondo yachiwiri ili mkati, bwana wa esiteti yathu anamanga kachipatala ka zipinda ziwiri ndi khonde, nawaitana. Amuna ankabwera ndi mabala a zikwanje, ana osinkhuka ndi mphere. Koma makanda, ayi ndithu. Mwana akutsegula m'mimba mpaka liwombo kulowa, mayi wake ankamudutsitsa kuseri kwa chipatala atamufunditsa nsalu ngati wakuba nkhuku.

Achinyamata a masiku ano mwina simudziwa chifukwa chake. Amayi athu amati khanda ndi lozizira, ndipo munthu amene akugona ndi mkazi kapena mwamuna ndi wotentha. Wotentha akanyamula khanda, kapena bambo wa mwana akayenda kuseri mwana akadali wamng'ono, mwanayo amatupa miyendo ndi masaya, tsitsi n'kufiira. Kumeneko amati kumusempha mwana, nthendayo n'kukhala tsempho. Tsono namwino wamwamuna, wandevu zake, ndani akanamukhulupirira kuti ndi wozizira?

A Elson zinawasowetsa mtendere. Mankhwala ali m'kabati, timanda tating'ono tikuchuluka kuseri kwa mabulugamu. Tsiku lina anavala khaki wawo wochapa, napita kukomboni, kunyumba za antchito, kukaonana ndi mayi Sara, mzamba wamkulu amene amayi onse ankamuopa kuposa belu la bwana.

"Mayi, ana akutha ine ndili pompano. Nditani?"

Mayi Sara anawayang'ana kuyambira kuphazi mpaka kumutu. "Inu mumagona ndi yani?"

"Ndekha. Mbuzi zimagona kukhola."

"Amuna ndimakudziwani ine. Lero nokha, mawa tidzangomva kuti mwafunsira."

"Ndikapanda kufunsira, ana mubwera nawo?"

"Mpaka liti?"

Kumpingo kunali mayi wina wamasiye amene akulu anali atayamba kale kuwanong'oneza a Elson za iye, ndipo mtima wawo sunali kukana.

"Mpaka kufa," anatero.

Akulu a mpingo atamva anawaitana. "Mbale Jeremiya, kodi mwayamba kukhulupirira za tsempho?"

"Ine ayi. Koma onyamula ana kumsana ndi amayi, ndipo iwo amakhulupirira. Ndikalimbana nawo, mtsutso ndipambana, mwana apita kumanda."

Kuyambira pamenepo khonde linadzaza. Amayi popita kothyola ankasiya makanda odwala, ndipo mukanawaona a Elson akumanga bala la munthu wamkulu, kumsana kuli mwana, nsalu yamaluwa itamangidwa pamwamba pa yunifomu. Mawu oti namwino aja ali kale ndi na- wa akazi, ngati Nabanda ndi Nangondo, ndiye amayi anangomalizitsa, nawatcha Anajeremiya. Iwo ankavomera osakwinya nkhope. Lachisanu dzuwa likamalowa ankasonkhanitsa odwala kuti atsegulire Sabata ndi nyimbo. Loweruka wina akawakodola pawindo la tchalitchi, ankatuluka mwakachetechete, ndipo wowadzudzula ankamuyankha kuti malungo sanabatizidwe, Sabata saidziwa.

Amene zinkawayabwa ndi a Dickson, kapitao wa othyola tiyi, mwamuna wa Mildred mwana wa mayi Sara. A Dickson anali ndi njinga ya mabelu awiri ndi chipewa chopendekera khutu limodzi, ndipo sankatha kulankhula mawu atatu osaikapo "ine". Akamadutsa pachipatala ankaliza mabelu onse awiri.

"Anajeremiya! Mwayamwitsa kale? Mukafuna mpango wakumutu mundiuze ine, ndikakuguleni ku Limbe!"

"Zikomo akapitao. Mugule wabuluu, woyera suchedwa kuda."

Kenako chinafika chaka cha njala, 1949. Mvula inadula chimanga chili m'mawondo. Anthu ankabwera kuchokera kutali kudzafuna ntchito ina iliyonse kuti angolandirako phoso, kaufa kamene esiteti imagawira antchito, ndipo wolemba ndi wochotsa anthu pantchito anali kapitao. Mabere a amayi anauma. Ana ankamwa timadzi ta gaga ndi chinangwa. A Elson anayamba kuona timiyendo tikunyezimira, akadina ndi chala dzenje n'kutsala pomwepo. Ankadziwa kuti ndi njala. Ankadziwanso dzina limene amayi adzapatse kutupako, ndipo m'mawa uliwonse ankayang'ana nkhope za pakhonde kuti aone ngati wina wayamba kale kuyang'ana manja awo.

M'masiku omwewo anaitanidwa ku Masambanjati kwa Leah, mtsikana wothyola tiyi amene anali ndi pakati popanda mwamuna wodziwika, ndipo anali kutaya magazi. Anapita masana anthu akuona, namuthandiza, napitanso kangapo. Leah akulira anawauza mwini mimba: akapitao a Dickson. Anawachonderera kuti asanene, poti akapitao anamuuza kuti akangotsegula pakamwa, iye ndi amake phoso latha.

Sipanapite nthawi, Lestina, khanda la Mildred ndi a Dickson, anatupa. Mildred anali atabwera naye kuchipatala masiku apitawo, ndipo a Elson anamunyamula monga mwa nthawi zonse. Mayi Sara ataona masaya ndi tsitsi, anaitana mkamwini wawo.

"Akapitao, mwana uyu wasemphedwa. Mwayenda kuti?"

"Ine? Ine amayi? Chibadwire mwanayu njinga yanga imangodziwa kumunda ndi kunyumba. Ndikulumbira!"

Koma apongozi sanachotse diso pa iwo, ndipo a Dickson anaona kuti katunduyu akapanda kumusenzetsa wina, awagwera okha. Madzulo pasikelo, pamene amayi onse amaima pamzere ndi madengu kuti tiyi ayezedwe, anakwera pa bokosi.

"Amayi inu, ana akutupa mukudabwa chiyani? Mumawapereka m'manja mwa yani? Tawafunsani Anajeremiya anuwo kuti ku Masambanjati amakatani, m'nyumba ya mkazi wopanda mwamuna, chitseko chotseka! Mimba ija mwaiona? Kodi ndevu zija mumayesa n'za chimanga?"

M'mawa mwake a Elson anasesa khonde, anawiritsa masingano, nakhala pabenchi. Dzuwa linakwera. Anaona mayi wina akubwera ndi mwana kumsana, ndipo anaimirira, koma mayiyo atangowaona anapatukira m'tiyi. Tsiku lotsatira chimodzimodzi. Chakudya chinawakanika. Khutu lawo linali kukomboni, mbuzi ikalira iwo n'kuyesa maliro. Ndipo maliro anabweradi, kamwana ka kunyumba yakumapeto, kamene sabata yapitayo kanawakoka ndevu. Anapita kukapepesa, koma amayi atawaona pamsewu anakumbatira ana awo n'kulowa nawo m'nyumba. Anaima pabwalo okha, chipewa m'manja, kenako anabwerera.

Dzina limodzi lokha likanawayeretsa, ndipo linali pa lilime. Ngakhale popemphera ankalimva likugogoda kumano. Koma akalitchula, Leah ndi amake agona ndi njala mimba ili pakhosi, ndipo amayi angosintha wolozedwa chala, ana n'kumatupabe poti m'mimba mulibe kanthu. Akapanda kulitchula, khonde likhala lopanda munthu. Ankazungulira chipatala ngati nkhuku yofuna poikira, akuwerenga m'mutu ana amene anawaona komaliza miyendo itayamba kunyezimira.

Akulu a mpingo nawo anawaitana. Akulu a lero musakwiye, ambiri mwa inu nthawi imeneyo ukulu munali musanaulote n'komwe.

"Mbale Jeremiya, mimba ya ku Masambanjati ndi yanu?"

"Si yanga."

"Mwini wake mukumudziwa?"

"Ndikumudziwa."

"Mutchuleni tsono."

"Zimene wodwala wandiuza ali pamphasa zimatsala pamphasa pomwepo."

Anawachotsa pa udikoni umene anali nawo mumpingo, nawauza kuti azikhala benchi yakumbuyo mpaka zinthu zitadziwika. Anakhaladi kumbuyoko, pafupi ndi chitseko, ndipo nyimbo ankaimba monga kale.

Kenako mphekesera inafika yoti Lestina wasiya kulira, akungoyang'ana. A Elson anadziwa kuti mwana wotupa akasiya kulira, nthawi yatha. Anakama mbuzi zawo. Anatenga mtedza umene anasunga wa mbewu, nausinja. Anatenganso phoso lawo, naika zonse m'dengu, pamwamba n'kuikapo nsalu yawo yamaluwa yoberekera ana. Anafika pakhomo pa akapitao dzuwa lili pamutu, eni ake ali kumunda, amayi a pakomboni atakhala kale pakhonde ngati odikira maliro.

Mayi Sara anatsekereza khomo. "Mwabwera kudzamaliza?"

A Elson anatula dengu, anatembenuka, napinda manja kumbuyo. "Mayi, mwati choipa chili m'manja mwangamu. Tengani nsaluyo muwamange. Mumange zolimba. Pakamwa pokha mundisiyire."

Amayi anayang'anana. Wina anayamba kuseka, kenako anadzigwira pakamwa. Mayi Sara anaganiza pang'ono, ndipo anamangadi, kukoka mfundo ngati akumanga mtolo wa nkhuni, atatha n'kukasamba m'manja.

A Elson anati, "Tsopano Mildred mwana wanga, manja ako ndi anga. Wiritsa mkakawo. Ufa pang'ono. Nsinjiro utape ndi zala zitatu. Phala likhale lomwera."

Anagwada pachitseko, mawondo kunja mutu mkati. Mwana anali gone pamiyendo ya amake, maso atatsala timing'alu. Mildred anaika supuni pakamwa, phala linatsikira m'tsaya.

"Sakumeza! Anajeremiya, sakumeza!"

"Usathire. Nyowetsa mlomo wokha. Dikira. Mudzutse mutu pang'ono, ayi, dzanja lipite pansi pa khosi. Eya. Tsopano kadontho kena."

Thukuta linkatsikira m'maso mwawo, ntchentche zikutera pamphuno popanda dzanja loziingitsa. Kumbuyoko zala zinkangotakataka zokha, kufuna kugwira kamutu kaja momwe zinazolowera. Ankadziwa kuti mwanayu akafera pomwepo, iwo ali pachitseko, palibenso mayi pa esiteti yonse amene adzawamvere ngakhale atamangidwa ndi unyolo. Mwana anasanza. Mildred anataya supuni, nayamba kulira maliro, ndipo amayi a pakhonde anayamba kumulandira.

"Sanafe! Tola supuni! Tola, mwana wanga. Ambuye, gwirani dzanja la mtsikanayu, langa mwaliona pamene lili."

Mildred anatola. Dzuwa likupendeka, kakhosi kanayenda. Anadikira, onse atagwira mpweya. Kanayendanso.

A Elson anabweranso mawa lake, ndi mkuja, mayi Sara akumanga pofika ndi kumasula pochoka. Amayi ena ataona kuti munthu womangidwa sangasemphe mwana, anayamba kuitana chapansipansi, "Anajeremiya, mukatha uko mudzere kuno." Ndiye mukanawaona bambo wandevu akuyenda nyumba ndi nyumba, manja kumsana ngati wogwidwa msonkho, dengu pamutu osagwirira, kuposa ife akazi obadwa nazo. Mbuzi zinakamidwa mpaka zinayamba kuthawa zikamva mapazi awo. Mtedza wa mbewu unatha. Lamba wawo anamuboola mabowo atsopano. Ana ena anapitabe, ndipo aliyense wa iwo a Elson ankamutchula dzina m'pemphero mpaka ukalamba. Koma ambiri anatsala. Lestina anaphwa, khungu linasupuka, ndipo tsiku lina anakwawa kulondola nkhuku.

Mukuyesa apa ndiye anayera? Ayi ndithu. A Dickson anakweranso pa bokosi lawo.

"Mwaona? Ine ndinanena! Tangomumanga manja, ana achira. Pakanapanda ine, komboni ino ikanatha!"

Ndipo amayi ambiri anagwedeza mitu kuvomera, poti zinaoneka zoona. Kuchira kwa ana kunasanduka umboni wowatsutsa. Nkhaniyi inawapeza a Elson pakhonde. Iwo anangofunsa mayi amene anaibweretsa.

"Koma phala lija mukuwapatsabe?"

"Tikuwapatsa."

"Basi. Dzina langa lidwale, ana achire."

Njala inatha, koma nsalu sinathe. Amayi anabwerera pakhonde ndi lamulo lawo, loti khanda likafika namwino amangidwe. Pakhoma anakhomapo msomali wopachikira nsaluyo. Patapita zaka anatopa nako kumanga, ndipo a Elson ankangopinda okha manja kumbuyo, mpaka anazolowera kuyenda choncho ngakhale popita kutchalitchi. Mwana ankamuyeza ndi maso, n'kumauza mayi wake kuti dina apa, tsegula chikope, gwira liwombo, wamva chiyani? Ngati amayi a esiteti ino amadziwa kudina phazi la mwana ndi kuphika phala la nsinjiro, n'chifukwa choti manja awo anabwerekedwapo. Koma mtima wa a Elson sunakhale pansi. Mwana aliyense wopita kwawo ankamutsatira ndi maso mpaka kukhota, akuopa kuti mayi waphonya chimene chala chawo chikanapeza. Khanda likawatambasulira timanja, ankayang'ana kumbali.

Leah anabereka mwana wamkazi, Ellen, ndipo anthu ankamutcha mwana wa Anajeremiya. Mtsikanayo anakula wanzeru, kusukulu nambala wani chaka ndi chaka. Akulu atsopano a mpingo anawauza a Elson kuti zakale zapita, abwerere kutsogolo. Iwo anathokoza, nati pafupi ndi chitseko mpabwino, wodwala akaitana sasokoneza ulaliki.

Chaka chino nthawi ya chiperoni, nkhungu itaphimba minda, chifuwa chinawagwira, ndipo anagona m'kanyumba kawo kuseri kwa chipatala. Lachisanu masana kunafika Mildred ndi khanda lake lotsiriza, la masabata ochepa. Mayi Sara anali atatsogola kale. Mildred anagwada pafupi ndi mphasa, anamasula mwana, namugoneka pachifuwa pa nkhalambayo. A Elson anadzidzimuka, manja n'kuthawira okha kumbuyo.

"Mildred, chotsa mwana! Anthu aona. Nanga akatupa?"

"Akatupa ndimuphikira phala la nsinjiro. Gwirani mwana, Anajeremiya, mkono wanga watopa."

Manja anatuluka pang'onopang'ono. Limodzi linapeza pansi pa khosi, lina kumsana, osaphonya. Khanda linayamba kufufuza m'ndevu ndi kamlomo, kufuna bere. A Elson anaseka mpaka kutsokomola.

"Pepa mwanawe, anakunamiza. Ndi dzina lokha."

Anapempha kuti awaimbire nyimbo yotsegulira Sabata. Anaimba nawo mzere woyamba, wachiwiri anangoyendetsa milomo. Dzuwa likulowa anagona, mwana ali pachifuwa, ndipo wodzuka anali mwana yekha.

Tinawaika Lamulungu. Anthu anadzaza kuyambira pachipatala mpaka pasikelo, a Sabata, a mipingo ina, ngakhale osapemphera. Abusa anafunsa kuti amene anaberekedwapo kumsana kwa malemu kapena kumwa mkaka wa mbuzi zawo aimirire, ndipo anaimirira anyamata ndi atsikana ochuluka moti okhala pansi tinasowa dzuwa. Abusa anati munthu uyu anapereka banja, anapereka chakudya chake, anapereka ngakhale dzina lake, ndipo sanafunse kuti Mulungu abweza liti. Inu anyamata amene mumachita manyazi kugwira thewera la mwana wanu yemwe, mawu amenewo ndi anu.

Pochokera kumanda anthu anakhala pabwalo la chipatala. Leah anabwera ndi Ellen, ndipo aphunzitsi ake anauza anthu kuti mtsikanayu chaka chino waposa ana a masukulu onse ozungulira, ndipo akuti akufuna kudzakhala namwino. Amayi anaombera m'manja chapansipansi.

"Nzeru za bambo ake izi. Malemu atisiyira mbewu."

"Zoona. Kuchimwa anachimwa, koma mwana wotere pa esiteti pano palibe bambo anaberekapo."

A Dickson anali pampando wakutsogolo, jekete ndi tayi, atangomaliza kufotokozera anthu kuti matabwa a bokosi anakapempha kwa bwana ndi iwo, ndipo pakanapanda iwo malemu akanapita mumphasa. Kutamandako anakumva koyamba, anakonza tayi. Kachiwiri, anasuntha pampando. Kenako mkulu wina wopanda mano anawatembenukira.

"Akapitao, inu ana muli nawo ambiri. Alipo amene anakhalapo nambala wani?"

A Dickson anadzuka mpando n'kugwa.

"Nzeru za yani? Za Anajeremiya? Munthu woyamwitsa uja angabereke mwana wotere? Tamuonani mphumi! Tamuonani makutu! Mwana uyu ndi wanga ine! Chaka cha njala, amuna nonsenu mutalefuka ngati masamba a dzulo, ine ndekha ndi amene..."

Anaima pomwepo, pakamwa pali yasa. Amayi anayamba kuwerenga zala, ena kuyang'ana makutu a mtsikana, kenako makutu a akapitao. Mkulu wokalamba amene anawachotsa a Elson pa udikoni anavula chipewa, nabisa nkhope m'menemo.

"Mwanena nokha, akapitao," anatero Leah. "Ine pakamwa sindinatsegule."

Mildred anaimirira, khanda kumsana. "Chaka chiti, bambo a Lestina? Tabwerezani, kumbuyo kuno sitinamve."

"Ndimati... ine ndimati chaka chinacho... mwina chotsatira..."

Wina anaphulika kuseri kwa khonde, ndipo kuseka kunayenda bwalo lonse, anthu misozi ya maliro isanaume. Abusa anayesa kutsokomola kuti aletse, koma mapewa awo omwe ankagwedezeka. A Dickson anayamba kufunafuna njinga ndi maso.

"Agwireni!" anafuula mayi wina. "Thamangani pamsomali paja mukatenge nsalu, lero timanga awa!"

"Amayi, taganizani bwino pomanga," anatero Mildred. "Awa manja alibe mlandu."